Tsiku Limene Fatu Anavala Mawaya

Mwana wanga Fatu anali ndi mtima wamanyazi. Kunyumba kwathu ku Chinsapo unkachita zimene wafuna, koma ukangoona munthu wachipatala wovala zoyera unkagunda bwinobwino ngati mtima wa mwana wina aliyense wa sitandade folo.

Zinkayamba akamasewera fulaye. Pa kuzinda mpira Fatu analibe mnzake, anzake ankachita kukanganirana kuti akhale mbali yawo. Koma mwadzidzidzi ankangoima pakati pa masewera, n'kugwira pachifuwa, milomo n'kuyera. Ukaikapo dzanja unkamva mtima ukuthamanga moti sungawerenge. Tikathamangira kuchipatala, pomafika pamzere zonse zatha, mwana akupempha chimanga chootcha. Ankamuyeza malungo, osawapeza. Magazi, okwanira. Tsiku lina anamugoneka pa makina olemba mizere papepala, mizere inatuluka yabwino, ndipo bambo amene ankamuyezayo anandiyang'ana ngati ndabwera kudzawatayitsa nthawi.

M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho Fatu anagwa chagada pafupi ndi mjigo n'kukomoka. Amene anamunyamula kubwera naye kunyumba ndi Mayi Masiye, eni nyumba imene tinkachita lendi. Kuyambira pamenepo ndinamuletsa kuthamanga. Fulaye ayi, jingo ayi, ngakhale kukagula mchere pa okala ndinkamuuza kuti aziyenda pang'onopang'ono. Ena ankati ndi khunyu, ena ankati ndi majini, aphunzitsi ake ankati amathawa kusesa. Ine sindinkadziwa womukhulupirira. Chimene chinkandisowetsa tulo n'choti tsiku lina adzagwera pamsewu kapena pambaula popanda womuona.

Ndiye kuchipatala chachikulu kunabwera dokotala wa mitima ya ana wochokera kunja, mayi wamtali wosadziwa Chichewa, wongodzakhala sabata imodzi. Anabwera ndi kabokosi kamodzi kokha, ana ofuna kukavala ali mbwee. Tsiku lathu litakwana, Sisitala Elizabeth, amene ankamasulira zonena za dokotalayo, anamata timapepala tozungulira pachifuwa pa Fatu, n'kulumikizapo mawaya opita m'kabokosi kotuwa kokolekera pa lamba. Mkati mwake munali kaseti ikuzungulira pang'onopang'ono.

"Mayi a Fatu, mvetserani bwino," anatero asisitala. "Kabokosika si mankhwala. Kamangolemba mmene mtima ukugundira, kuyambira pano mpaka mawa m'mawa. Asasambe, asakavule. Koma akasewere."

"Akasewere?"

"Masewera omwe amamudwalitsawo. Tikufuna mtimawo uchite zake zija kabokosi kakumva. Ukayamba, mukamukhazike pansi n'kudina batani ili. Ukapanda kusiya msanga, mukabwere naye. Mawa m'mawa kabwerere, kali ndi mwana wina. Adokotala akunyamuka Loweruka, ndipo akupita nako."

Ndinati chabwino, ndipo ndinamva ndithu. Koma potuluka pageti mutu unali utayamba kale kuzungulira. Miyezi yonseyi ndakhala ndikumugwira mwana ngati dzira, lero achipatala omwewo akuti ndikamuthamangitse mpaka adwale.

Mu minibasi waya umodzi unatulukira pakhosi pa diresi. Mayi amene tinakhala naye pafupi anauona, n'kusuntha, n'kunena kuti pepani. Kondakitala, yemwe masiku onse amakankha anthu ngati matumba a makala, anamutsitsa Fatu ndi manja awiri. Pasiteji panali neba wathu Jemima akugulitsa tomato. Anayang'ana mawaya, anayang'ana ine, n'kusiyira mnzake tomato. Ife tinkayenda pang'onopang'ono, iye anadutsa njira yachidule.

Pofika kunyumba tinapeza alamu anga Aminah, mlongo wa amuna anga, atasesa pabalaza, atatulutsa matiresi athu kuchipinda n'kuyalapo chitenje chatsopano. Pakhonde panali kale masilipasi a anthu.

"Mugonekeni apa," anatero alamu ndi mawu otsitsa. "Tamva kuti wabwera ali pa makina."

Kwa ife, munthu akakhala pa makina ndiye kuti zafika povuta. M'zaka zimenezo panalibe khomo limene silinaonepo m'bale wake ali pa makina kuchipatala, ndipo obwerako ndi moyo anali ochepa. Tsono uyu makina amutsatira mpaka kunyumba.

"Alamu, si choncho," ndinatero. "Sakudwala lero. Akungomuyeza."

"Ee, ee, tamva. Mugonekeni kaye."

Anthu anayamba kulowa. Mayi Masiye anabwera ndi Fanta. Jemima anabwera ndi nthochi. Ena ndi kashuga m'kapepala, ena ndi manja okha, koma aliyense ankagwada pafupi ndi matiresi n'kufunsa kuti matenda ali bwanji. Mundiuze inuyo, munthu amene wasiya geni yake kudzazonda mwana wako umamuthamangitsa bwanji? Awa ndi anthu amene tsiku la mavuto adzakutolera nkhuni osawapempha. Ukawauza kuti dzipitani, mawa udzalira wekha. Ndinaika madzi a tiyi pambaula.

Fatunso sanandithandize. Ataona Fanta, yemwe kwathu amamwedwa pa Idi pokha, anagona chagada n'kuchepetsa maso. Akamufunsa kuti ukumva bwanji, ankayankha ndi kamawu koti ngakhale ine kanandimvetsa chisoni.

Tiyi atatha ndinalimba mtima. "Fatu, dzuka, katambasule miyendo panja. Kuchipatala anena kuti asewere."



"Wanena ndani?" anafunsa Mayi Masiye.

"Asisitala."

"Anati achite chiyani?"

"Azisewera, azithamanga, mmene amachitira kale."

Mayi Masiye anayang'ana pansi, n'kukonza chitenje pamaondo. "Mayi a Fatu, inu ndinu mwana, zinazi simunazione. Achipatala amatero. Malemu bambo a kunyumba kwanga aja, powatulutsa komaliza anatiuza kuti akadye chilichonse chimene mtima wawo ukufuna. Ife n'kumasangalala, kuwagulira chambo, kuwagulira nyama. Sitinadziwe kuti akutitsanzika."

Mayi wina kumbuyo anayamba kufwenthera. Ndinayesa kukumbukira nkhope ya Sisitala Elizabeth ponena mawu aja. Ankamwetulira, inde. Koma kunali kumwetulira kwa mtundu wanji? Nanga dokotala uja, bwanji anamusisita Fatu pamutu nthawi yaitali choncho? Zimene ndinazimva bwinobwino m'mawa uja zinayamba kuoneka ngati ndinazimva m'maloto.

Kenako Jemima anasuzumira kabokosi n'kuona kaseti. "Kodi kameneka sikakujambula zimene tikuyankhula muno?"

Palibe amene ankadziwa, ndi ine ndemwe. Kuchokera pamenepo aliyense ankanong'ona, ndipo mayi amene anali atangoyamba nkhani ya mwana wa ashopu wothawa ndi dalaivala anaisiyira pakati n'kuyamba kuyamika boma. M'nyumba munakhala bata la pamaliro lenileni.

Ashehe anabwera n'kuchita dua, pemphero lathu la Chisilamu. Atangotuluka, amayi a kutchalitchi kwa Jemima anapempha ngati nawonso angapemphere, ndipo sindikanakana. Onse ankapempha chinthu chimodzi, chakuti mtima wa mwanayu ukhale m'malo. Ine ndinkavomereza amini, uku ndikudzifunsa kuti mapempherowa akayankhidwa lero lomwe, kabokosi kalemba chiyani.

Amuna anga Che Idrissa anafika thukuta lili kamukamu. Amakhoma ndowa ndi mbaula kumsika, ndipo wina anali atakawauza kuti mwana ali kayakaya. Atapeza akudya nthochi anapumira m'mwamba, n'kugwada, n'kuyamba kutsatira waya uliwonse ndi chala, osaukhudza. Ndinawaitanira kuchipinda n'kuwafotokozera zonse.

"Athamange ndi zimenezi?" anatero. "Mayi a Fatu, timapepala timeneti n'tomata chabe. Akatuluka thukuta timatuka. Ndiye chinthu choti chikulemba, chingalembe bwanji chikugwedezeka? Inu mungalembe dzina lanu muli panjinga?"

"Koma asisitala anati..."

"Mwina amanena kuseweretsa zidole. Musiyeni agone, kalembe zooneka bwino."

Zinali zomveka. Vuto la tsiku limenelo linali lakuti aliyense ankanena zomveka. Potuluka kuchipinda alamu Aminah anandigwira mkono ali mwee. "Mwaona? Chimuvekereni sanadandaulepo pachifuwa. Kakugwira ntchito kameneka. Mukawapemphe atisiyire sabata yonse."

Ndinakhala pansi pafupi ndi matiresi n'kuika dzanja pachifuwa pa Fatu, pakati pa mawaya. Mtima unkagunda mwaulemu, osafulumira, osachedwa. Dzuwa linali litapendeka, ndipo m'mawa tinkayenera kulawirira minibasi, kunalibe nthawi ina yosewera. Kuseri kwa mpanda ndinamva atsikana oweruka kusukulu akukuwa, mpira ukumenya pansi. Maso a Fatu, ochepa aja, anatseguka n'kuyang'ana kuzenera.

Ndinaona mmene mawa lidzakhalire. Dokotala adzamvetsera kaseti yodzaza ndi mtima wa mwana wogona pamatiresi akumwa Fanta. Adzandiyang'ana mmene anandiyang'anira bambo a makina aja, Loweruka adzakwera ndege, ndipo Fatu adzatsala ndi chinthu chake chopanda dzina. Sindinganene kuti ndinatsimikiza mtima. Mwina Mayi Masiye ankanena zoona, mwina amuna anga. Ndinangoona kuti pa anthu onsewa, amene anamata mawayawo ndi asisitala.

"Akufuna kuchimbudzi," ndinatero.

Alamu anafuna kubweretsa chitini kuti asavutike kuyenda. Ndinati ayi, achita manyazi ndi alendo. Tinatuluka, tinadutsa chimbudzi, tinapyola pomwe mpanda unagwa, mpaka pabwalo la pafupi ndi uvuni ya njerwa. Atsikana atationa anasiya mpira pansi n'kubwerera m'mbuyo. Mmodzi anati amayi awo awauza kuti asamuyandikire Fatu, kabokosiko kakagundidwa kaphulika. Ndinawapempha, ndinawanyengerera, anakana. Ndinatola ndekha mpirawo, wa majumbo womanga ndi mphira.

"Ima apo, kutsogolo kwa uvuni."

"Amayi, munandiletsa."

"Lero ndakulola."

"Nanga ndikagwa?"

"Ndili pompano."

Ndinamanga chitenje n'kuponya. Mpira unapita mofooka moti Fatu sanasunthe n'komwe, unangodutsa pambali.

"Amayi, mukuponya ngati mukudyetsa nkhuku!"

Atsikana aja anaseka. Ndinathamangira mpira, ndinabwerera, n'kuponya mwamphamvu, kulunjika kumiyendo kuti ndisamenye kabokosi. Analumpha. Ndinaponyanso, anagwada, mpira unamenya njerwa. Dzanja limodzi anagwira kabokosi kuti kasamamumenye m'chiuno, linalo lili m'mwamba, akuseka ndi mano onse. Ndinali nditaiwala kuti mwana wanga amaseka choncho. Ndinaponya, ndinatola, ndinaponya, mpaka ine ndi amene ndinayamba kupuma mwawefuwefu. Iye ali bwinobwino. Ndinadzipeza ndikupempha Mulungu kuti mtima wa mwana wanga usokonezeke, ndipo sindinadziwe ngati pemphero lotere limaloledwa. Ndinachita mantha ndi ine mwini.

"Mayo ine! Taonani kuno!"

Anali Jemima, ataima pampanda wogwa uja manja ali kumutu. Kumbuyo kwake kunatuluka alamu Aminah, Mayi Masiye, amayi a kutchalitchi, onse, ena opanda masilipasi. Che Idrissa anawapyola pakati.

"Karima! Wapenga kodi?"

Chikwatiraneni anali asanandiitanepo ndi dzina pagulu. Mpira unali m'manja mwanga. Fatu anayang'ana bambo ake, anayang'ana ine, miyendo ili chire kudikira. Ndinaponya, anthu onsewo akuona.

Analumpha bwino ndithu. Koma atatera sanasekenso. Anaima chilili, dzanja linasiya kabokosi n'kupita pachifuwa.

"Amayi, wayamba."

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pamene anali. Ndinamukhazika pansi, msana wake pachifuwa panga, n'kuyamba kufunafuna batani. Ndinkangodina paliponse, mpaka kabokosi kanalira kamodzi. Milomo ya Fatu inali itayera. Amayi anatizungulira, wina akulira, wina akuitana madzi, wina akuti kafuneni wilibala.

"Chotsani mawayawo!" anakuwa alamu Aminah. "Akumukoka magazi, chotsani!"

Munthu yemweyo amene ankati kabokosi kakuchiritsa, tsopano anagwada n'kugwira waya kuti azule. Ndinamumenya dzanja, mlamu wanga, pamaso pa mchimwene wake. Ndinamukumbatira Fatu ndi manja onse, mawaya ali mkati.

"Aliyense wokhudza waya ndimuluma! Madzinso ayi, musamuthire!"

"Mwanayu afera m'manja mwanu," anatero Mayi Masiye. Sanakuwe, anangonena.

Mwina ankanena zoona. Asisitala anati ukapanda kusiya msanga tibwere naye, koma msanga ndi nthawi yaitali bwanji mwana wako ali lefu pamiyendo pako? Che Idrissa anagwada kutsogolo kwathu. Ndinkayesa andilanda mwana, koma anangolowetsa dzanja pansi pa mkono wanga n'kuliika pachifuwa pa Fatu. Nkhope yawo inasintha. Nthawi zonse zimenezi zikamachitika iwo ankakhala ali kumsika, ankangomva kwa ine, ndipo ndikudziwa kuti mumtima ankati ndimawonjezera.

"Ndi mmene umachitira?" anafunsa motsitsa.

"Ndi mmenemu."

Sanachotse dzanja. Anatembenuka n'kuuza anthu kuti afutukuleko, mwana apume. Tinakhala choncho pafumbi, manja athu awiri pamtima umodzi ukuthamanga. Kenako unangosiya, mwadzidzidzi mmene unayambira, n'kubwerera m'mayendedwe ake. Fatu anapuma mozama, n'kunena kuti akumva ludzu.

Bambo ake anamubereka kubwerera kunyumba. Ine ndinkatsatira m'mbuyo, ndipo anthu ankandipatukira njira osandiyang'ana. Mayi Masiye analowa, anatenga mabotolo awo a Fanta, n'kutuluka osatsanzika. Pasanapite nthawi pakhonde panalibe silipasi ndi imodzi yomwe. Ndinali mayi amene anagenda mwana wodwala ndi mpira mpaka kugwa, ndipo Chinsapo yense anali ndi mboni. Kapepala kamodzi kanali katamatuka theka ndi thukuta, monga ananenera amuna anga. Ndinakakanikiza ndi chala, osadziwa ngati kanamatuka mtima usanayambe kapena utatha.

M'mawa alamu Aminah anati apita nafe. Sanabise chifukwa chake. Ankafuna akawauze okha achipatala zimene ndinachita. Mu minibasi anakhala ndi Fatu pamiyendo, ine anandipatsa nkhongo.

Sisitala Elizabeth anamatula timapepala, anatenga kaseti, n'kutiuza kuti tidikire. Tinadikira pabenchi mpaka dzuwa linafika pamutu, osayankhulana. Atatiitana, tinapeza dokotala atayala mapepala patebulo, odzaza ndi mizere yokwera ndi kutsika. Ankatembenuza limodzilimodzi akuyankhula, asisitala akumasulira.

"Akuti apa ponse palibe kanthu. Apa palibe. Apanso palibe. Akufunsa ngati mwanayu anagona masana onse."

"Kunali alendo," ndinatero.

Dokotala anatembenuzanso, n'kuima. Anaika chala pamalo pamene mizere inapanikizana ngati mano a chipeso. Malo ake anali aafupi, osakwana ndi theka la pepala. Anayankhula nthawi yaitali, maso akuwala, n'kuzunguliza malowo ndi cholembera.

"Akuti ndi umenewu, auona," anatero asisitala. "Si khunyu. Ndi vuto la kagundidwe ka mtima, lili ndi dzina ndipo mankhwala ake alipo. Ayamba lero, ndipo tizimuona kuno mwezi ndi mwezi. Akuti pakanapanda kachidutswa aka akanakubwezani chimanjamanja."

Ndinayang'ana kachidutswako. Ndinkayembekeza kuti ndisangalala, koma chimene ndinaona ndi milomo yoyera ija, ndipo misozi inangoyamba kutsika yokha. Phewa langa linali likuwawabe ndi kuponya kuja.

"Akufunsanso kuti pa nthawi imeneyi mwanayu ankachita chiyani," anatero asisitala, cholembera chili m'manja.

Ndinatembenukira kwa alamu Aminah, poti ndi zimene anadzera. Iwo anali atawerama patebulo, akuyang'anitsitsa mizere yopanikizanayo, dzanja limene ndinawamenya lili paphewa pa Fatu. Asisitala anakweza mutu kudikira yankho.

"Amasewera fulaye," anatero alamu. "Ndi mayi ake."